Mutu 5: Bondo la Mzime

1. Chikwangwani cha pageti

Nyumba za kampani zinali zinayi, zazitali, zosanja katatu, ndipo zinazungulira bwalo lalikulu la simenti. Munkakhala mabanja a anthu ogwira ntchito ku fakitale ya misomali. Ana analipo oposa makumi asanu, koma mlendo akalowa pageti masana ankatha kuganiza kuti kumeneko anthu anasiya kubereka. Bwalo linkangoti zii tsiku lonse.

Chifukwa chake chinali pachikwangwani cha pageti, cholembedwa ndi penti yofiira: masewera a mtundu uliwonse ndi oletsedwa. Mpira ayi, chingwe ayi, kuthamanga ayi. Banja lophwanya lamuloli linkaitanidwa ku ofesi ya nyumba, ndipo ena akachoka kumeneko ankangofikira kumanga katundu.

Woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa anali bambo wina wamtali, mlonda wakale wa fakitale, amene ana anamupatsa dzina loti a Kherere. Bamboyo sankatuluka m'nyumba opanda kherere m'khosi. Zinali zoseketsa ndithu kuti munthu wodana ndi mpira kuposa wina aliyense ndiye ankaoneka ngati woimbira mpira.

Koma akuluakulu amaiwala msanga. Mwana sasiya kusewera chifukwa cha penti yofiira, amangosamuka. Ana a kumeneko anasamukira pa masitepe a kuseri, opapatiza ndi amdima, kumene a Kherere sankafikako kawirikawiri. Ndi pomwepo pamene Mzime, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, anaterereka n'kuthyoka mwendo. Womuthamangitsa tsikulo anali mkulu wake Chisamba, wa zaka khumi ndi zinayi. Palibe anamuloza chala, koma zinkamuwawa nthawi zonse akaona ndodo ziwiri zoyendera zitatsamira pabedi la mng'ono wake.

Mzime anakhala ndi chikhakha milungu isanu ndi umodzi. Tsiku lochichotsa, dokotala wa mafizo, mayi wolankhula mosazungulira, anauza amayi awo kuti fupa lalumikizana bwino. Vuto linali bondo. Linkayenera kupindidwa tsiku lililonse, ndipo phazi linkayenera kuyamba kuponda pansi. Anawapatsa milungu itatu. Anati ikatha bondo likadali chiwongokere, likhoza kuuma, ndipo mwanayo angadzatsimphine moyo wake wonse.

Dokotalayo anawapatsa pepala la zithunzi zoonetsa mmene angapindire mwendo. Ataona mmene Mzime analiyang'anira pepalalo, anawonjezera kuti, "Ana ambiri amalida pepala limeneli. Likakanika, musiyeni asewere. Mwana akamasewera sawerengera ululu."

Chisamba anali atanyamula chikwama cha amayi ake pakhomo, ndipo mawuwo anawamva bwinobwino.

2. Mawu a bambo

Masiku khumi anadutsa. Pepala linali pakhoma, bondo linali chiwongokere.

Amayi awo, amene ankasoka zovala pa makina pakona ya chipinda chochezera, anayesa zonse. Ananyengerera ndi maswiti, Mzime anadya maswitiwo n'kupitiriza kukana. Anamuopseza kuti akamunenera kwa dokotala, iye anati akamunenere. Atayesa kupinda mwendowo ndi manja, mwanayo analira mpaka a nyumba yoyandikana anagogoda kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Lachiwiri m'mawa, bambo awo akumanga zingwe za nsapato zakuntchito, Chisamba analimba mtima. Anawakumbutsa zimene dokotala ananena, n'kupempha kuti azitsika ndi Mzime pabwalo ngakhale kwa theka la ola.

Bambo anasiya nsapato imodzi yosamanga.

"Khala pansi, mwana wanga, undimve bwino," anatero. "Nyumba ino si yathu. Khoma ili, chitseko icho, mpopi uwo, zonse ndi za kampani. Ine ndagwira ntchito pa makina odula waya zaka khumi ndi zitatu. Zaka zisanu ndi ziwiri zoyamba tinkakhala m'kachipinda kamodzi kodontha, iwe ukukumbukira, unkagona pafupi ndi beseni lolandira madzi. Ndinadikira mpaka dzina langa linafika. Lero ukufuna zonsezo zithere pa kudumphadumpha?

"Dokotala uja ali ndi nyumba yake, palibe amamuimbira kherere. Amalankhula zake n'kumapita kwawo. Ndipo usaiwale chimene chinathyola mwendo umenewu. Si buku, si ntchito, ndi masewera omwewo. Ine pamsinkhu wako ndinali nditayamba kale kunyamula njerwa, ndipo sindinafe chifukwa chosasewera. Kuno mwana adzuke, apite kusukulu, abwereko, athandize mayi ake, awerenge, agone. Ana a m'nyumba zino amakhoza mayeso kuposa ana a kunja kwa geti. Ukuganiza n'chifukwa chiyani? Mng'ono wako achite zimene zili papepala. Akalira, alire, kulira sikupha. Koma iwe ndisamve kuti unali pabwalo paja."

Chisamba anamvetsera mpaka pamapeto, manja ali pamaondo. Kenako anafunsa funso limodzi lokha. Anafunsa kuti masiku khumi ndi limodzi otsalawo akatha bondo lisanapindike, atani.

Bambo anayang'ana nthawi yaitali kuchipinda kumene Mzime anagona, anamaliza kumanga nsapato, anatenga chitini chawo cha chakudya n'kutuluka.

3. Choko cha buluu

Chisamba sanali mwana wamwano, ndipo poyamba anayesadi kumvera. Ataweruka kusukulu tsiku lomwelo anayala ulusi pansi, pakati pa makina osokera ndi kabati, kuti apange zipinda zodumphamo. Malowo anali ochepa moti chipinda chachitatu chinathera pansi pa tebulo. Atangodumpha kawiri, mayi wa nyumba ya pansi anayamba kugogoda denga lake ndi mpini wa tsache. Mzime sanatembenuke n'komwe.

Lachitatu Chisamba anachita chinthu chimene a Kherere sanaganizepo pa zaka zawo zonse. Akuluakulu ankanena kuti lamulo linaikidwa pofuna kuteteza tulo ta anthu ogwira ntchito usiku, amene amagona masana. Ndiye iye anayenda khomo ndi khomo, m'nyumba zonse zinayi, kufunsa amayi kuti amuna awo amadzuka nthawi yanji. Ena anamuseka, ena anamufunsa ngati walembedwa ntchito ya kalembera. Koma yankho linali limodzi. Pofika 3 koloko masana ambiri amakhala atadzuka, ena akusamba, ena akumwa tiyi. Pofika 4 koloko panalibe munthu wogona.

Lachinayi anafika kunyumba, anavula yunifolomu, n'kuima pafupi ndi makina a amayi ake. M'kabokosi ka mabatani munali choko cholembera nsalu, chija chopyapyala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Chinalipo choyera ndi cha buluu.

Anatambasula dzanja pang'onopang'ono. Amayi sanadzutse mutu. Phazi lawo linapitiriza kupalasa, nsalu ikuyenda pansi pa singano. Anangonena, ngati akulankhula ndi makinawo, kuti choyera akuchifuna pa diresi la mawa, koma cha buluu sachigwiritsa ntchito masiku ano.

Chisamba anatenga cha buluu. Kenako anauza Mzime kuti m'nyumba mwatentha, atsike akapitidwe mphepo. Anamubereka kumsana, ndodo ziwiri atazikwapatira m'khwapa, ndipo anatsika naye pa masitepe akutsogolo, poonekera kwa aliyense.

4. Mwaponda mzere

Banja lonse linkadziwa khalidwe limodzi la Mzime: sankapirira munthu wobera. Ukamubera ngakhale pamasewera a makadi, ankatha kukana chakudya mpaka uvomere kulakwa. Chisamba ankalidziwa khalidweli kuposa onse, chifukwa iye ndiye ankabera kawirikawiri.

Anamukhazika pa sitepe yomaliza n'kumuuza kuti asasunthe, popeza ndi wodwala. Iye anapita pakati pa bwalo, anagwada, n'kuyamba kujambula phada. Zipinda zitatu zotsatizana, kenako ziwiri zogundizana, chimodzi, ndi ziwiri zina kumapeto. Mizere ya buluu inaoneka bwino pa simenti yoyera ija.

Anatola kamwala kosalala, anakaponya m'chipinda choyamba, nayamba kudumpha ndi mwendo umodzi. Pachipinda chachitatu anaponda mzere, osati pang'ono, koma ndi phazi lonse.

"Asisi, mwaponda mzere," anatero Mzime.

"Sindinaponde."

Anabwereranso, anaponya kamwala. Kanagwera kunja kwenikweni, koma iye anakakankhira mkati ndi chala n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mzime anati kumeneko ndi kubera. Chisamba anamuyankha kuti ali kutali, sakuona bwino, komanso anthu odwala saweruza masewera.

Kachitatu anaponda mizere iwiri motsatizana n'kulengeza yekha kuti wapambana.

Apo m'pamene ndodo zinagogoda pa simenti. Mzime anabwera akudzikoka, milomo itatupa ndi mkwiyo, n'kuloza ndi ndodo pamene choko chinafufutika. Anafunsa kuti ngati sanaponde, wafufuta pamenepo ndani.

Chisamba anayang'ana mzerewo ngati akuuona koyamba. Anati mwina ndi mphepo. Anatinso kulankhula n'kosavuta, ngati iye amadziwa kuposa mkulu wake, aonetse.

Mzime anaponya ndodo imodzi pansi. Anagwira dzanja la Chisamba, anaponya kamwala, nayamba kudumpha ndi mwendo wabwino uja, wodwalawo uli lende. Anafika pa zipinda ziwiri zogundizana, pamene wosewera amayenera kutera ndi mapazi onse awiri, limodzi uku, lina uku. Anaima. Kenako anayesa kudutsa ndi phazi limodzi lomwelo.

"Tsopano wobera ndiwe," anatero Chisamba. "Apa ndi pa mapazi awiri."

Mzime anamuyang'ana moipidwa. Analuma mlomo, anatsitsa phazi lija pang'onopang'ono, n'kuliponda pansi. Anabuula, misozi inalengeza m'maso, koma sanalichotse. Anapita kumapeto, anatembenuka, ndipo pobwerera anayenera kuwerama kuti atole kamwala. Anayesa kuwerama mwendo uli chiwongokere, dzanja silinafike. Anayesanso. Bondo linapindika pang'ono, pang'ono zedi, koma linapindika.

Chisamba anasangalala kwambiri. Anabisa chimwemwecho poopa kuti mng'ono wake angazindikire n'kusiya. Anangomuuza kuti kuponya kamwala m'chipinda chachiwiri ndiye kovuta, sangathe.

M'mawindo a nyumba zonse zinayi munali mutadzaza nkhope za ana.

5. Ndowa zitatu

Kherere analira Mzime ali pachipinda chachitatu. A Kherere anatulukira pakona ya nyumba yoyamba, ndowa ya madzi ili m'manja. Zinkaoneka kuti anaona mizereyo ali pawindo n'kuyamba adutsa kumpopi.

Anaika ndowa pansi, anayang'ana Chisamba kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo analankhula mokweza kuti a m'mawindo amve nawo.

"Iwe mtsikana, umadziwa kuwerenga? Chikwangwani chija unachiona? Ndikuuze chifukwa chake chinaikidwa, poti ana a masiku ano mumafuna chifukwa pa chilichonse. Kale bwalo lino linali msika. Mipira, mikuwo, magalasi kusweka. Kunali mnzanga wina, wogwira ntchito usiku, ankakhala pawindo ilo. Masiku atatu sanagone chifukwa cha phokoso la ana. Tsiku lachinayi anawodzera pa makina. Zala zitatu zinapita. Ine ndi amene ndinamunyamula, magazi ake anathera pamalaya anga. Iwe unali usanabadwe.

"Masewera ndi chiyambi cha ulesi. Lero phada, mawa mpira, mkuja mwana wathawa kusukulu. Ine ndinayamba kugwira ntchito ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sindinadumphepo m'mabokosi ngati chule, koma ndinalera ana asanu ndipo onse ali pantchito. Taona mng'ono wakoyu. Masewera anamuthyola mwendo, ndiye wamubweretsa kuti amuthyole winawo? Bambo ako ndi munthu waulemu, sanaitanidwepo ku ofesi. Usawachititse manyazi. Tenga mwanayu ukwere, ine ndiiwala kuti ndakuona."

Anali mwayi wabwino, ndipo ana ambiri akanaulandira ndi manja awiri. Chisamba anapinda manja kumbuyo mwaulemu. Anapepesa za mnzawo wa zala uja, ndipo anapepesa kuchokera pansi pa mtima. Anawauza kuti anafunsa m'nyumba zonse, ndipo pa ola limenelo panalibe munthu wogona.

"Koma mwendo uwu sunathyokere pabwalo, agogo," anapitiriza. "Unathyokera pa masitepe a kuseri, kumene lamulo lanu linatithamangitsira. Dokotala wati bondo likapanda kupindika, liuma. Ndiye sindikwera."

A Kherere sanazolowere kuyankhidwa. Ananyamula ndowa n'kukhuthula madzi onse pa mizere. Choko cha buluu chinasungunuka n'kuyenderera kungalande.

Chisamba anasuntha mapazi khumi, pamalo ouma, anagwada n'kuyambanso kujambula. A Kherere anapita kumpopi. Mpopiwo unali kuseri kwa nyumba yachitatu, ndipo madzi ake ankatuluka mwaulesi. Pamene ankabwerako, Mzime anali atadutsa kale zipinda zonse kamodzi. A Kherere anakhuthulanso madzi. Chisamba anasunthanso. Simenti youma inalipo yambiri, ndipo msana wa a Kherere unali umodzi.

Pawindo lina mwana wina anaseka, mayi ake n'kumutseka pakamwa. Koma atsikana atatu anali atatsika kale. Anaima m'munsi mwa masitepe, osasewera, osabwerera.

Ndowa yachitatu inafika a Kherere akupuma mwawefuwefu, buluku litanyowa mpaka m'maondo. Choko chinali chitatsala kachidutswa kosagwirika bwino. A Kherere anauza Mzime kuti achoke m'mizeremo. Mzime anali ataima pa zipinda ziwiri za kumapeto, phazi uku, phazi uku, ndodo zonse zili patali.

"Sindinamalize," anatero. "Kutuluka usanamalize ndi kubera."

A Kherere anakweza ndowa. Anaigwira m'mwamba kwa kanthawi, madzi akudontha m'mikono. Anali munthu wouma mtima pa lamulo, koma sanali munthu wothira madzi mwana wa mwendo wodwala. Anaitsitsa, anatulutsa kabuku m'thumba la malaya, nayamba kulemba.

6. Pepala lachikasu

Belu la ku fakitale linalira 5 koloko. Posakhalitsa anthu a ntchito ya masana anayamba kulowa pageti, zitini zopanda kanthu zili m'manja. Aliyense ankafika n'kuima, poona bwalo lonyowa, mizere ya buluu, ndi ana amene tsopano anakwana khumi m'munsi mwa masitepe.

Bambo a Chisamba anali pakati pa gululo. A Kherere sanawapatse ngakhale moni. Anang'amba pepala lachikasu m'kabuku kaja n'kuwapatsira m'manja. Linali lowaitana ku ofesi ya nyumba Lolemba, 8 koloko m'mawa.

Bambo analiwerenga kawiri. Nkhope yawo inagwa. Anzawo akuntchito anayamba kuyang'ana kumbali, monga amachitira anthu mnzawo akalandira uthenga woipa. Chisamba anachita mantha kwambiri kuposa mmene anachitira ndi ndowa zonse zitatu, koma sanathawe. Anaima pomwepo, zala zili buluu.

Bambo anakweza maso kuti amukalipire, koma maso awo anayamba agwera pa Mzime. Anamufunsa kuti ndodo zake zili kuti. Mzime analoza ndi chibwano, posafuna kusokonezedwa. Kenako anati, "Bambo, taonani," n'kuwerama kutola kamwala. Anasinya nkhope ndi ululu, bondo linapindika, ndipo anadzuka nako kamwalako m'manja.

Bambo anaika chitini pansi. Ananjuta pafupi ndi mwanayo, anagwira bondolo ndi manja awo okhakhala, n'kumuuza kuti abwereze. Mzime anabwereza. Bambo anavula chipewa n'kupukuta nacho kumaso, ngakhale kuti kunja sikunkatentha.

Ataimirira anatembenukira kwa Chisamba.

"Ndinakuletsa."

"Munandiletsa, Bambo."

"Nanga mawa?"

"Mawa ndijambulanso. Kwatsala masiku asanu ndi anayi."

A Kherere anamva, ndipo anatsegulanso kabuku kawo. Bambo anawayang'ana akulemba, osawaletsa, osawapepesa. Anapinda pepala lachikasu lija kanayi n'kuliika m'thumba. Anatola ndodo ziwiri zija n'kupatsa Chisamba kuti anyamule, iwo anagwira Mzime dzanja kuti ayende yekha mpaka pa masitepe.

Ali pa sitepe yoyamba bambo anaima, osatembenuka.

"Lolemba sukupita kusukulu," anauza Chisamba. "Uchape yunifolomu, uisite bwino, tipitira limodzi ku ofesi. Akakandifunsa chifukwa chimene tisachotsedwere m'nyumba, ine ndilibe choyankha. Ukayankha ndiwe."